Mau a m'chifuŵa: kusankha lipenga la sipika ya m'nyumba

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, malole osenza mabelo nayamba kundondozana mumseu wa M1, ndalama zimaloŵa m'midzi ya m'chidikha cha Kasungu monga madzi a mvula yoyamba: zimafika mwamkokomo, ndipo sizichedwa kuuma. Mlimi amene wapirira kuchokera pa nazale, kudzera m'kuokera, kuthyola, kusoka ndi kupachika m'chigafa, amafuna kuti pakhomo pake paoneke mboni ya thukuta lake. Wina amagula malata, wina njinga, wina feteleza wa chaka chamaŵa; koma ambiri sabwerera kumudzi opanda choimbira. Agogo athu ankabwera ndi galamafoni, ana awo wailesi ya Nzeru ndi gumbagumba. A masiku ano amabwera ndi chibokosi chakuda cha masipika, chothwanima timagetsi tamitundumitundu, cholembedwa pamphumi chiŵerengero cha mawati chochititsa mantha.

Pakapita milungu iŵiri, mwini wake amazindikira zinthu ziŵiri. Choyamba, batire limene sola walidyetsa tsiku lonse limatha nsima ya madzulo isanapsye. Chachiŵiri, chibokosicho chimagunda pansi mpaka malata kunjenjemera, chimaswanso timau tam'mwamba tobaya m'makutu, koma pakati pake pali mphako: mau a bambo woimba besi m'kwaya samveka thupi lake, ndipo ng'oma imalira ngati chidebe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nkhani yathu lero ikhudza mphako imeneyi, ndi chida chakalekale chimene chimaitseka popanda kudya magetsi ambiri. Chidacho ndi lipenga loikidwa patsogolo pa sipika. Funso limene limavutitsa amisiri nlakuti: lipengalo lifutukuke motani kuchokera kummero kufika kukamwa?

Mau amene tikunena

Mau ndi kunjenjemera kwa mpweya. Chikopa cha ng'oma chikamenyedwa chimakankha mpweya ndi kuukokanso, ndipo kukankhana kumeneku kumayenda ngati mafunde mpaka kuloŵa m'khutu. Akatswiri amaŵerenga kuti mpweyawo wakankhidwa kangati pa sekondi imodzi, ndipo muyeso wake amautcha hertz, pokumbukira Heinrich Hertz wa ku Germany. Khutu la mwana wathanzi limamva kuyambira pa ma hertz 20 kulekeza pa 20,000. Chiŵerengero chikachepa, mau amakhala aakulu ndi apansi. Chikakwera, amakhala aang'ono ndi osongoka.

Nsambo yaikulu ya gitala wa besi imalira pa ma hertz 41, ndipo ya gitala wamba pa 82. Mwamuna akamalankhula, tsinde la mau ake limakhala pakati pa 85 ndi 180. La mai limakhala pakati pa 165 ndi 255. Tsono dera lochokera pa 100 kufika cha m'ma 300 kapena 400 ndilo besi yam'mwamba, imene m'nkhani ino tiziitcha mau a m'chifuŵa, pakuti ndiwo amene munthu amaŵamva akumugunda pamtima mbalule ikamalira pabwalo. M'dera limeneli ndimo muli thupi la liu la munthu, kudumpha kwa babatoni ndi kulemera kwa gitala. Choimbira chosoŵa dera limeneli chili ngati ndiwo zopanda mchere: zonse zilimo, koma sizikoma.

Pali chinthu chinanso choyenera kuchisunga m'mutu. Mau amayenda mamita 343 pa sekondi mpweya ukakhala wofunda bwino, ndipo m'dzuŵa la Okutobala amafulumirako pang'ono kufika cha pa 349. Mukagaŵa 343 ndi chiŵerengero cha ma hertz, mumapeza utali wa funde limodzi. Funde la ma hertz 1,000 nlotalika masentimita 34 okha. La 200 limafika mita imodzi ndi masentimita 70. La 100 limapitirira mamita atatu, ndiye kuti lingalingane ndi chipinda chogona. Zonse zimene tikambe m'munsimu zagona pa utali umenewu.

Chifukwa chake sipika imadya magetsi

M'kati mwa sipika muli maginito, koyilo ya waya wopyapyala, ndi pepala lolimba looneka ngati mbale. Magetsi akadutsa m'koyilo, pepalalo limapita patsogolo ndi pambuyo, nilikankha mpweya. Vuto nlakuti mpweya ngwopepuka kwambiri, ndipo pepalalo nlaling'ono poliyerekeza ndi funde limene likufuna kupanga. Sipika yotchedwa ya mainchesi 12 ili ndi pepala losapitirira masentimita 26 m'mimba mwake, chonsecho tikuituma kuti itulutse funde la mamita atatu. Kuli ngati kukupiza moto ndi katsamba ka bwemba m'malo mwa lichero: mkono utopa, moto osayaka.

Mapeto ake, pa mawati 100 amene ampulifaya imatumiza ku sipika wamba ya m'nyumba, amene amasanduka mau ndi wati imodzi, kaŵirikaŵiri osakwana n'komwe. Otsalawo amangotenthetsa koyilo. Kwa munthu wa m'tauni wokhala ndi magetsi a mawaya, kutaya kumeneku nkwa ndalama zochepa. Kwa munthu wa kwa Chulu, kwa Wimbe kapena kwa Santhe amene chuma chake chonse cha magetsi ndi sola mmodzi padenga ndi batire la galimoto pakona, imeneyi ndi nkhani yaikulu. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko lonse mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndiwo ankaunikira ndi magetsi a mawaya, ndipo kumidzi chiŵerengerocho chidali chochepa koposa. Mawaya afalikirapo chichokere nthaŵiyo, komabe nyumba zambiri za m'chidikha muno zikudalira batire, ndipo batire lomwelo ndilo liyenera kuunikira ana poŵerenga ndi kutchaja mafoni.

Lipenga limachiza nthenda imeneyi. Kummero kwake, kumene kuli kopanikiza, mpweya umasoŵa kothaŵira, motero pepala la sipika limapeza chokankha chenicheni. Kuchokera pamenepo njira imanka nikula pang'onopang'ono, mphamvu ija nimwazikira pa mpweya wochulukirachulukira, kufikira kukamwa kumene imaperekedwa ku mpweya wa m'chipinda chonse. Lipenga silipanga mphamvu yatsopano ai. Ntchito yake njofanana ndi ya magiya a thirakitala: kugwirizanitsa injini ndi katundu wake. Lipenga lopangidwa bwino limasandutsa mawati 10 mpaka 30 mwa 100 aja kukhala mau. Kunena mwachidule, phokoso limene sipika wamba imalipeza ndi mawati 20, ya lipenga ingalipeze ndi aŵiri.

Nzeru yake si yachilendo

Anthu a kuno sadaphunzire za lipenga m'mabuku. Alenje ankaitanizana ndi nyanga ya ngoma, imene Namalenga adaiumba yopyapyala kunsonga ndi yotambasuka kutsinde. Anyamata a mganda amadziŵa kusankha chipanda cha khosi lalitali chopangira badza, kuchiboola, ndi kumatapo kanembanemba kamene kamanjenjemera munthu akaimbiramo. Amadziŵanso kuti woimba mau aakulu amafuna badza lalikulu. Nayenso mlimi wochiza fodya m'balani amadziŵa kuti mapaipi ndi chumuni zikalakwika muyeso, moto sukoka ndipo tsamba limaonongeka. Onseŵa agwira mfundo imodzi: mpweya umamvera maonekedwe a njira imene ukudutsamo.

Kumaiko a azungu, galamafoni zoyamba sizinkagwiritsa ntchito magetsi mpang'ono pomwe. Singano inkanjenjemeretsa kanembanemba kopyapyala, ndipo lipenga lokha ndilo linkakuza mau mpaka kudzaza nyumba. Mu 1919 Arthur Gordon Webster wa ku America adasindikiza masamu ofotokoza mmene mau amayendera m'lipenga, ndipo mu 1925 kampani ya Victor idatulutsa galamafoni ya Orthophonic Victrola, imene mtundu wake waukulu udali ndi lipenga la pafupifupi mamita aŵiri lopindidwa m'kati mwa kabati. Anthu adadabwa kumva besi imene sadaimvepo m'mbale zawo. Kuyambira pamenepo akatswiri akhala akutsutsana za kafutukukidwe koyenera, ndipo mitundu imene yatsala m'manja mwa amisiri ndi inai.

Mitundu inai ya malipenga

Woyamba ndi umene mabuku amautcha conical. Makoma ake ngoongoka ngati a fanulo yothirira parafini, ndipo kalipentala aliyense angaupange ndi sowo ndi sikweya. Ubwino wake ngwakuti umamwaza mau mofanana m'dera lonse limene kukamwa kwaloza. Kuipa kwake nkwakuti pafupi ndi mmero umakula mofulumira kwambiri, kotero mafunde aatali sapeza chopanikiza chokwanira. Ukakhala waufupi umathandiza mau a pakati ndi am'mwamba, koma a m'chifuŵa umaŵagwira mofooka.

Wachiŵiri ndi exponential. Umenewu umakula monga ngongole ya katapila: pa mtunda uliwonse wofanana, kukula kwa njira kumaŵirikiza kaŵiri. Umayamba modekha kummero, nuthamanga kukamwa. Mtunda woŵirikizirawo ndiwo umalamula malire a pansi a lipengalo. Lofuna kufika pa ma hertz 100 liyenera kuŵirikiza pa masentimita 19 alionse. La 150 pa masentimita 13. La 200 pa masentimita 9 ndi theka. Pamwamba pa malire ake limagwira mau mwamphamvu ndi mofanana, koma pansi pake limaleka mwadzidzidzi, ngati munthu wafika pamphepete pa phompho.

Wachitatu ndi hyperbolic, umene Vincent Salmon adaulongosola mu 1946. Ndi mbale wake wa exponential, koma umachedwa kukula pafupi ndi mmero, kenaka nufutukuka mwachangu kumapeto. Chifukwa cha ichi umagwirabe mau mwamphamvu mpaka pafupi penipeni ndi malire ake a pansi, ndipo nchifukwa chake amisiri a malipenga a besi amaukonda. Mtengo wake ngwakuti umatalikirapo, ndiponso ukaumirizidwa kulira mopitirira muyeso, mpweya wopanikizika m'khosi lalitalilo umayamba kuipitsa mau.

Wachinai ndi tractrix. Kuti mumvetse maonekedwe ake, ganizani za chipika chogona patali pang'ono ndi mseu, chomangidwa ku tcheni. Ng'ombe zikuyenda molunjika mumseumo zikukoka. Chipikacho chimayamba ndi kukhotera kumseu mwamphamvu, kenaka nichimayandikira pang'onopang'ono osaukhudza. Mkukuluzi umene chasiya m'dothi ndiwo tractrix. Paul Voigt wa ku London ndiye adaona kuti mzere umenewu ungakhale khoma la lipenga, ndipo adalandira chiphaso cha luso lakelo mu 1927. Bruce Edgar wa ku America adautsitsimutsa pakati pa amisiri a m'nyumba mu 1981. Kukamwa kwa tractrix kumatambasuka mpaka kugona chagada ngati duŵa la dzungu, kotero funde limatuluka mosapunthwa ndipo ochepa okha ndiwo mau obwerera m'kati. Ambiri amauyamikira kuti liu la munthu limamveka lachibadwa, losaloŵa m'mphuno. Ngwaufupi kuposa exponential wa mmero ndi kukamwa kofanana, koma umayamba kufooka usanafike pa malire ake a pansi.

Kukamwa ndiko kumalamula

Aŵerengi ena afika pano akudikira kuti tinene kuti mwa inaiyi wopambana ndi uti. Koma tisanayankhe, pali lamulo lina loposa mitundu yonseyi, ndipo amene alinyozera amataya matabwa ake pachabe. Lamulolo likuti: kuzungulira kwa kukamwa kwa lipenga kuyenera kulingana ndi utali wa funde lotsikitsitsa limene mukulifuna. Kukamwa kukachepa, funde likafika pakhomo limapeza kusintha kwadzidzidzi, gawo lake nilibwerera kummero. Pamenepo lipenga limasanduka mpope: mau ena limaŵakuza mopambanitsa, ena nkuŵameza.

Umboni wake timaumva tsiku ndi tsiku. Chimkuzamau cha pamsonkhano, cha pamzikiti kapena cha pagalimoto yolengeza uthenga ndi lipenga ndithu, ndipo chimaponya liu kutali ndi batire laling'ono. Koma kukamwa kwake nkwa theka la mita kapena kucheperapo, kotero mau a m'chifuŵa sichiŵatha. Nchifukwa chake wolankhulayo amamveka ngati watsinidwa mphuno.

Tiyeni tiŵerengere lipenga la ma hertz 100. Litapachikidwa m'malere, kukamwa kwake kungafunike kukhala kwa mita imodzi ndi masentimita 9 m'mimba mwake, ndiye kuti masikweya sentimita pafupifupi 9,400. Chinthu chotere sichingaloŵe pachitseko cha nyumba zathu zambiri, chimene sichipitirira masentimita 80. Mwamwai, nyumba yomweyo imatithandiza. Lipenga likakhala pansi pa simenti, pansipo pamagwira ntchito ngati kalirole, ndipo theka la kukamwa kuja limakwanira: masikweya sentimita 4,700, monga masentimita 80 m'litali ndi 59 m'lifupi. Likakhala pamene pansi pakumana ndi khoma, 2,350 akwanira, monga 60 ndi 39. Likaloŵa pangodya, pamene makoma aŵiri akumana ndi pansi, chiŵerengerocho chimatsikanso ndi theka. Makoma a chipinda amasanduka mapeto a lipengalo.

Nzeru imeneyi ndiyo idatchukitsa Paul Klipsch, amene mu 1946 adayamba kupanga sipika yake ya pangodya yotchedwa Klipschorn m'tauni ya Hope ku Arkansas, ndipo ikupangidwabe mpaka lero. Komatu kalirole wa mau amafuna khoma lolemera. Njerwa zootcha zopakidwa pulasitala ndi pansi pa simenti, zimene ndalama za fodya zamanga m'midzi yambiri ya Kasungu, nzoyenera kwambiri. Khoma la bango kapena la malata silingathandize, pakuti limanjenjemera ndi kudutsitsa mau.

Utali nawo uli ndi lamulo lake: lipenga lisafupike kwambiri kuposa gawo limodzi la magawo anai a fundelo. Pa ma hertz 100 ndiye kuti masentimita 86. Tsono onani mmene masamu amagwirizanirana. Tiyerekeze kuti mmero ngwa masikweya sentimita 200. Potsata exponential, pa masentimita 19 njira ifika 400. Pa 38 ifika 800. Pa 57 ifika 1,600. Pa 76 ifika 3,200. Ndipo pa 86 ifika 4,700, kumene ndi kukamwa kwa lipenga lokhala pansi. Mmisiri amene walemba ziŵerengero zimenezi pa thabwa wagwira kale theka la ntchito.

Nanga tisankhe uti?

Yankho lagona pa mafunso atatu: mukufuna lipengalo liyambire pati, lilekeze pati, ndipo m'nyumbamo muli malo otani.

Ngati cholinga chanu nkupeza mau a m'chifuŵa kuyambira pa 100 kufika cha pa 400 ndi magetsi ochepa, sankhani exponential. Masamu ake ngapafupi, ndipo amagwira dera lonselo mwamphamvu. Ngati mwaliika pakhoma kapena pangodya, kukamwa kwake nkuchepa, mudzaona kuti exponential wafika pa kukamwako msanga, utali uja usanakwane; pamenepo chedwetsani kakulidwe ka pafupi ndi mmero, ndipo mwatero mwaloŵa m'banja la hyperbolic. Lipenga lotere lingathe kupindidwa kuti lisadye malo, malinga mukumbukire kuti pokhota paliponse pamameza mau am'mwamba. Nchifukwa chake malipenga opindidwa saŵalola kupitirira cha m'ma 400 kapena 500. Pamwamba pake pamafunika sipika ina yaing'ono.

Ngati chimene mumakonda ndi makwaya, nkhani za pawailesi ndi magitala a Daniel Kachamba kapena banjo ya Allan Namoko, ndipo chipinda chanu nchachikulu, tractrix woongoka, wosapindidwa, adzakukondweretsani. Wa ma hertz 150 ali ndi kukamwa kwa masentimita 73 m'mimba mwake, wa 200 kwa masentimita 55, ndipo angathe kukwera mpaka cha m'ma 1,000 osasintha mtundu wa liu. Koma muŵerengere kuti mphamvu yake yeniyeni idzayambira pamwambapo pa malirewo, ndipo mau a pansi adzafuna bokosi lawolawo.

Pali njira yapakati imene nyumba za kanema zidaigwiritsa ntchito zaka zambiri. Sipika ya Altec yotchedwa A7, ya m'zaka za m'ma 1950, idali ndi lipenga lalifupi patsogolo logwira mau a m'chifuŵa, pamene kumbuyo kwa pepala lomwelo kudali bokosi lalikulu lokhala ndi potulukira mpweya, lothandiza mau a pansi. Sipika imodzi, ntchito ziŵiri. Kwa banja lofuna choimbira cha m'nyumba chimene chingatulutsidwenso pabwalo tsiku la chinkhoswe, njira imeneyi njoyenera kuiganizira.

Chosayenera ndi kufuna kuti lipenga limodzi lichite zonse, kuyambira kugunda kwa pansi penipeni kufikira kulira kwa chisekese. Lipenga la ma hertz 40 lingafune utali woposa mamita aŵiri ndi kukamwa ngati kwa nkhokwe. Mapanga aŵiri avumbwitsa. Lipenga lililonse limagwira bwino dera lake lokha, ndipo mmisiri wanzeru amalipatsa dera limenelo basi.

Nanga conical tamutaya? Iyai, pakuti ndiye amapulumutsa kalipentala. Kupinda thabwa kuti litsate mzere wokhota ndi ntchito yovuta, koma palibe chokakamiza kutero. Mungathe kudula lipenga m'zigawo zitatu kapena zinai za makoma oongoka, chilichonse chotambasuka kuposa chinzake, malinga pa mfundo iliyonse kukula kwa njira kukugwirizana ndi ziŵerengero zija. Funde la mamita atatu siliona kusiyana kwa masentimita aŵiri. Apa ndipo pagona mutu wa nkhani yonseyi. Mkangano wa exponential ndi tractrix ngwaukulu pa mau am'mwamba, pamene mafunde ali aafupi ngati chala. Koma pa mau a m'chifuŵa, kukula kwa kukamwa, utali wa njira ndi malo amene lipenga laikidwa zimaposa dzina la mzere umene mwatsata. Tractrix wa kukamwa kopereŵera adzagonja kwa lipenga la zigawo zoongoka limene kukamwa kwake nkokwanira.

Mau kwa mmisiri

Amene wapita ndi nkhaniyi kwa kalipentala wa pa Nkhamenya, pa Chamama kapena pa boma pa Kasungu asaiŵale zinthu izi. Thabwa likhale lolemera ndi louma. Pulayiwudi wa mamilimita 18, monga amene amapangidwa ku Chikangawa, ngwabwino kuposa matabwa olumikiza amene amang'aluka chilimwe chikafika. Sipafunika kugwetsa mlombwa. Mitengo ya m'chidikha muno yatha kale ndi nkhuni za m'mabalani ndi milimo ya zigafa, ndipo bulugamu wouma akwanira kuchita mipiringidzo yolimbitsa makoma. Khoma lililonse lalikulu lilimbitsidwe, pakuti khoma lonjenjemera limaba mphamvu ndi kuwonjezera phokoso lakelake. Gogodani ndi chala: likalira ngati ng'oma, onjezani mpiringidzo, likayankha ngati mwala, lakhala bwino.

Polumikiza ponse pamatidwe ndi guluu, makamaka pafupi ndi mmero pamene mpweya uli wopanikizika. Kaboo kakang'ono pamenepo kali ngati kuboola kwa chubu cha njinga. Pokhota paikidwe kathabwa kopendeka kuti njira isakule kapena kuchepa mwadzidzidzi. Mmero ukhale pakati pa gawo limodzi la magawo atatu ndi theka la kukula kwa pepala la sipika. Pepala la sipika ya mainchesi 12 lili ndi masikweya sentimita pafupifupi 530, ndiye chifukwa chake tidayerekeza mmero wa 200. Mukaupanikiza mopitirira, pepala lingang'ambike.

Sipika yoyenera lipenga ndi ya maginito amphamvu ndi pepala lopepuka. Zija za pepala lolemera ndi mphira wonenepa m'mbali, zopangidwira m'magalimoto, sizichita bwino pano. Kumbuyo kwake kukhale kabokosi kotsekeka bwino, pokhapokha ngati mukutsata njira ya A7 ija. Ndipo popeza pansi pa malire ake lipenga siligwira kanthu, pepala nilingovina pachabe, nkofunika kachipangizo kogaŵa mau kotchedwa crossover, kuti mau otsikitsitsa asafikeko. Kachipangizoka kamateteza sipika, kamapulumutsanso batire.

Chipinda nacho chili ndi liu lake. Cha mamita anai m'litali chimakuza mwachibadwa ma hertz 43, 86 ndi 129, kotero malo ena m'chipindamo besi imachuluka, ena imasoŵa. Musafulumire kuimba mlandu mmisiri. Sunthani lipenga kapena mpando ndi phazi limodzi kapena aŵiri, mumvetserenso. Foni yamakono ingathe kuliza mau a muyeso wodziŵika: lizani 100, 125, 160, 200 ndi 250 motsatizana, ndipo ngati onse akumveka pa msinkhu wofanana, ntchito yatheka. Wopanda foni yotere atsegule wailesi nthaŵi ya nkhani. Woŵerenga nkhaniyo akamveka ngati wakhala nanu pampando, osati m'mgolo kapena m'chitini, lipengalo lakhoza.

Mtengo wake weniweni

Tisanamizane: lipenga lili ndi mtengo wake. Limadya malo, limalemera, ndipo silingapikisane ndi chibokosi cha m'sitolo pa kukongola. Mai wa pakhomo ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chake ngodya imene padali kabati ya mbale yalandidwa, ndipo nkhaniyo iyenera kukambidwa thabwa lisanadulidwe. Walira mvula walira matope. Koma kusinthanitsa kwake nkoonekeratu: lipenga limalipira ndi matabwa ndi malo chimene sipika wamba imalipira ndi magetsi. Ku London kapena ku Johannesburg, kumene chipinda nchodula ndipo magetsi ali pakhoma, anthu adasankha timabokosi tating'ono ndi maampulifaya amphamvu, ndipo adachita bwino. Kuno kwathu zinthu zili mosemphana: malo tili nawo, amisiri tili nawo, chosoŵa ndi magetsi. Nchifukwa chiyani tsono tigule yankho la funso la eni ake?

Chenjezo lotsiriza nla makutu. Chida chimene chimafuula ndi mawati aŵiri chingagonthetse munthu ndi mawati makumi aŵiri. Akatswiri a zaumoyo amati phokoso la ma decibel 85 lisapitirire maola asanu ndi atatu pa tsiku, ndipo likakwera ndi ma decibel atatu okha, nthaŵiyo idulidwe ndi theka. Khutu likafa silidzukanso, ndipo ana ndiwo amakonda kukhala pafupi ndi kukamwa kwa sipika. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Phindu la lipenga si kudzutsa mudzi wonse usiku, koma kuti nyimbo imveke yathunthu pa mau apansipansi, batire nkutsalako loti mwana aŵerengere mayeso.

M'gawo lotsatira tidzaona za bokosi la mau a pansi penipeni, ndi mmene lingagwirizanire ndi lipenga limene takambali.